Mbalame Ziwiri za Pabokosi la a Emory

Panali mayi wina kwathu kuno ku Pennsylvania, dzina lake Lorene Detweiler. Nkhaniyi ndi yoona. Anandiuza ndi munthu wa kutchalitchi kwawo.

Lorene ankasamalira bambo ake, a Emory, m'nyumba yakale ya pafamu pawo. A Emory anali ndi matenda oiwala aja. Mwana wawo yemwe sankamuzindikira, chakudya ankapempha atangodya kumene, ndipo madzulo ambiri ankavala chikhoti n'kumati akupita kwawo, chonsecho ali m'nyumba yomwe anabadwira. Chinthu chimodzi chokha chinkawabweza: bokosi lamatabwa losungiramo mabulangete lomwe linkakhala pafupi ndi masitepe. Makolo awo analipanga pamanja kalekale kuti likhale la mkwatibwi, n'kulipenta buluu, maluwa ofiira ndi mbalame ziwiri kutsogolo. Akaliona ankakhalapo, n'kumasisita mbalamezo mpaka mtima kukhala pansi. Kenako ankati, "Ndili kwathu," n'kuvula chikhoti.

Koma pentiyo inali itada ndi ukalamba, m'makona itasupuka. Mwana wa Lorene anali pafupi kukwatiwa, ndipo mwambo wa banjalo unali woti bokosilo liikidwe poonekera tsiku laukwati, zofunda za mkwatibwi zili m'kati. Lorene anali wotopa, ndipo munthu ukatopa chilichonse chakale m'nyumba chimakunyansa.

Azakhali ake, a Verna, mlongo wawo wa a Emory, anamupeza akuliyang'ana mokwinya nkhope.

"Iwe Lorene, bokosilo usalikhudze. Kansalu kouma basi, ngakhale madzi ayi."

"Azakhali, likuoneka ngati lotola kudzala. Akuchimuna adzati chiyani?"

"Adzanene zomwe akufuna, sadzagona muno. Pentiyo ndi imene achimwene akuidziwa. Iweyo anakuiwala kale, ukufuna aiwalenso chiyani?"

A Verna ankalankhula mosapsatira, ndipo mawuwo anamupweteka Lorene. Malangizo anali abwino, koma iye anangomva kunyozako.

Loweruka anapita kumsika wa zinthu zakale, komwe anakumana ndi bambo wina wa galimoto yaikulu, wolankhula mokoma. Lorene anamuonetsa chithunzi cha bokosilo pafoni.

"Mayi, zimenezi ndiye ntchito yanga. Ndimalinyika m'thanki ya mankhwala, litsiro lonse limachoka, limatuluka ngati lopangidwa dzulo."

"Nanga maluwa ndi mbalamezo zitsala?"

"Zitsala, mayi, ziwalanso kuposa kale. Mungondisiyira ine."

Lorene sanafunse kuti shopu yake ili kuti, sanapemphe kuona ntchito yomwe anagwirapo, sanaimbirenso a Verna. Bamboyo anabwera kudzalitenga a Emory ali kuchipatala.

Masiku omwe bokosilo kunalibe anali ovuta. A Emory ankaima pakhomo chikhoti chili m'thupi, Lorene n'kumawanyengerera. "Lapita kokonzedwa, adadi, libwera. Khalani pansi kaye." Lorene sankaona tulo, koma ankadzilimbitsa mtima kuti zitha posachedwa.

Bokosi linabweradi. Linali loyera mbee, thabwa lokhalokha, lonyezimira ndi vanishi. Buluu uja panalibe, maluwa panalibe.

"Mbalame zija zili kuti?"

"Zinapita ndi penti, mayi. Mankhwalawo sasankha."

"Koma munati zitsala."

"Ndimayesa zitsala. Komabe taonani thabwa lakelo, paini weniweni ameneyu. Alendo anu akasirira."

Anakwera galimoto yake n'kumapita, ndipo kuchokera tsikulo foni yake sinapezekenso.

Lorene analikokera pamalo pake, n'kukatenga bambo ake pa dzanja. A Emory analiyang'ana, analigwira pang'ono, n'kubweza dzanja.

"Adadi, ndi lomwe lija. Bokosi la agogo."

"Nyumba yanu ndi yabwino, mayi," anatero mwaulemu. "Zikomo pondisunga. Koma tsopano ndiperekezeni kwathu, andidera nkhawa."

Lorene anakhala pamasitepe n'kulira.

Sanagwe ulesi pomwepo. Anapeza katswiri wojambula, anam'patsa chithunzi chija, ndipo mbalame ziwiri zinajambulidwanso bwinobwino, pamalo omwewo. A Emory anayendetsapo zala, n'kupukusa mutu. Zala zawo zinkadziwa pomwe penti inasupuka, pomwe inakhakhala, pomwe phiko linatha ndi kusisitidwa. Apa ponse panali posalala.

Ukwati unachitika. Akuchimuna analiyamikira kwambiri bokosilo, ankati likuoneka latsopano. A Verna anangokhala pafupi ndi achimwene awo, atawagwira mkono kuti asatuluke. Lorene akuti bola akanamukalipira.

Nyengo yozizira itafika, a Emory anapezeka kangapo akuyenda okha mumsewu waukulu, akufunafuna kwawo. Tsiku lina woyendetsa lole ndi amene anawabweretsa, milomo ikunjenjemera ndi chisanu. Lorene sakanathanso kuwalondera usana ndi usiku, ndipo anakawasiya kunyumba yosungirako okalamba, chinthu chomwe analumbira kuti sadzachita.

Amapitako Lamulungu lililonse. Anamwino akuti ndi gogo wofatsa, savutitsa munthu. Vuto ndi limodzi lokha, amakana kuvula chikhoti, ngakhale pogona. Lorene akalowa, amaimirira mwaulemu n'kufunsa kuti, "Mayi, ndinu amene mwabwera kudzanditenga?"

Phunziro: Chinthu chakale cha m'nyumba mwanu si chauve chifukwa choti chada. Musachipereke kwa munthu wosam'dziwa chifukwa walankhula mokoma, ndipo wamkulu akakuletsani, mverani ngakhale wakulankhulani mokhadzula. Penti yochotsedwa sibwerera. Tumizirani abale ndi anzanu, makamaka amene akusamalira makolo okalamba ndipo atopa.