Mzere wa Kumbuyo kwa Luisa

Luisa anaima moyang'ana msewu, manja ali m'mbali, chibwano chili m'mwamba. Lamulo la chisankho linali limodzi: opikisana asacheuke mpaka ovota onse atafola kumbuyo kwa munthu amene akumufuna. Ankamva mapazi akukhwekhwereza m'fumbi, mwana akulira kumsana, wina akutsokomola. Sankadziwa ngati mapaziwo akubwera kwa iye kapena kwa amayi Rachael, amene anaima chapatali pang'ono kudzanja lake lamanja.

Amayi ogulitsa nthochi pa Nyimba ankasankha wapampando watsopano. Udindowu sunali wamasewera. Malo amene ankayalapo nthochi, pamene mabasi a ku Lusaka amaima, anali a bambo wina wolemera, a Conrad, ndipo iwo ankangoopseza kuti amangapo mashopu. Wapampando ndiye ankapita kukawapepesa. A Virginia anagwira ntchitoyi zaka zambiri osalepherapo, koma tsopano anati atopa.

Miyezi ingapo m'mbuyomo palibe akanamuganizira Luisa. Makolo ake anathawa nkhondo ku Mozambiki n'kukhazikika kuno. Iye anabadwira konkuno, koma anzake ankamutchabe mlendo. Basi ikaima, ena ankathamangira kumawindo akukuwa, iye n'kutsalira kumbuyo ndi beseni pamutu, osaitanira malonda. Nthochi zake zinkapsa mpaka kuda.

Tsiku lina a Virginia anamuitanira kunyumba kwawo, natseka chitseko.

"Ku Lusaka ine ndinali kuvina," anatero. "Osati kukwaya iyayi. Pansanja, nyali zofiila, nthenga kumutu. Amuna a mataye anali kuiwala mowa patebulo. Ukauza munthu, ndizakupha."

Luisa sanauze munthu, ngakhale mwamuna wake Eddie. Chinsinsicho ankachikonda. Ankayenda nacho mumsika ngati kamwana ka nkhunda kobisidwa m'manja, kofunda, kogunda mtima.

Maphunziro anayamba. A Virginia anamuphunzitsa kuyenda mosafulumira, kuponda ngati pansi ndi pake. Anamuphunzitsa kusankha munthu mmodzi n'kumuyang'ana mpaka agwetse maso. Anamuphunzitsa kukhala chete asanayankhule, kuti anthu amve ludzu la mawu ake. Kenako anatsegula wailesi motsitsa, namuuza kuti amasule chitenje pang'onopang'ono, achizunguze, achiponye pakona.

"Amai, manyazi!" Luisa anaphimba nkhope.

"Manyazi ukagulitse pamodzi na nthochi zako zowola. Bwelela! Wathamangila kuti, basi yakusiya? Mkazi amene angaime telo pamaso pa munthu osanjenjemela, ndani angamuopseze atavala?"

Anabwereza mpaka thukuta, mpaka kuseka, mpaka tsiku lina anadziona pagalasi la a Virginia n'kudabwa kuti mkazi wokongolayo anabisala kuti zaka zonsezi. Kumsewu mawu ake anayamba kumveka. Beseni linkatha dzuwa lisanafike pamutu. Eddie ankamuyang'ana ngati mkwatibwi, namufunsa kuti wadya chiyani. Ndipo a Virginia atatchula dzina lake kuti alowe m'malo mwawo, Luisa anayamba kulota akukwera basi kupita kumisonkhano ku Petauke, atavala nsapato zazitali, anthu akumupatsa mpando wa kutsogolo.

M'mawa wa chisankhowo anapatsidwa mpata woyankhula. Anaimirira mosafulumira. Anakhala chete mpaka ngakhale oitanira mabasi anatembenuka.

"Ine ndinabadwila pano," anatero. "Mchombo wanga uli m'dothi lino. Ndikali moyo, palibe azatichotsa pamsewu uno."

Nthungululu zinamveka mpaka kutsidya kwa msewu.

Tsopano anali chiimire, dzuwa likumuwotcha pakhosi. Anaponya diso kumbali. Milomo ya amayi Rachael inkayenda m'pemphero. Luisa anawamvera chisoni. Munthu wamkulu kugonja kwa mwana wa alendo pamaso pa gulu, zinali zowawa ndithu. Analonjeza mumtima kuti akapambana adzawalemekeza.

"Tembenukani!" anakuwa a Virginia.

Luisa anatembenuka monga anaphunzirira, mutu poyamba, thupi pambuyo. Mzere wake unali wautali, unakhota kuzungulira mulu wa mikoko ya nthochi mpaka kukafika pamthunzi wa osoka nsapato. Munali onse amene ankamutcha mlendo, amene ankamukankha ndi zigongono pawindo la basi. Kumbuyo kwa amayi Rachael kunali achibale awo okha. Mayiwo anagwada pansi, naphimba nkhope ndi mpango, mapewa akugwedezeka.

Anamunyamula Luisa m'mwamba. Anamuyimbira, anamuvinira, wina anamupukuta thukuta ndi chitenje chake chomwe. Misozi inatsika yokha. Anaganiza za amayi ake amene anamwalira akuyankhula monong'ona m'dziko la eni, ndipo analakalaka akanaona tsikuli.

Atamutsitsa, a Virginia anamukumbatira mwamphamvu. Nawonso ankalira.

"Amai, zonsezi ndi inu," anatero Luisa. "Ndizakubwezelani chiyani?"

"Wabweza kale, mwana wanga."

"A Conrad ndikawaone liti? Mau ndakonza kale. Sindiwaopa."

A Virginia anamukonza kolala ya bulauzi, namuyandikira kukhutu. Amayi ogulitsa nthochi aja anali atasiya kuyimba, aliyense akuyang'ana nthochi zake.

"Lelo, dzuwa likapendeka, kunyumba yawo ya alendo. Mau usavutike nawo, wapampando sapitako kukakamba. Ine a Conrad anatopa nane, ndipo iwe anakuloza okha chaka chatha, nati ndikukonze. Onsewa adziwa. Ukakana, mailo kukacha tonse tilibe pogulitsila."