Maburashi a M'sokosi

Madzi a m'beseni anali atada kale pamene mayi anafika pa maburashi atatu omaliza.

Sanabwerere zochapa maburashi. Anabwera kudzaona mwana wawo wamkazi, yemwe ntchito yake ndi kuphoda akwati pamaukwati, n'kumupeza dzanja lamanja litatupa, zala zili m'bandeji, mphete yokha ikuonekera. Mawa lake mkwati wina ankamudikira.

"Wapweteka ndi chiyani?"

"Chitseko cha kabati, amayi."

"Chitsekocho chimavala thalauzi?"

Mwanayo anangoti mutu ukumuwawa, n'kukadzitsekera kuchipinda.

Mayiwa amagulitsa nsapato pamsika. Ukawauza mtengo amayamba aseka, kenako amakuuza wawo, ndipo umathera pa wawowo. Sukulu anaisiyira panjira, koma bodza amalimva fungo likadali kutali. Kukhala pansi manja ali lende satha. Choncho anatenga chikwama cha ntchito cha mwanayo, nakhuthulira maburashi onse pathebulo la kukhitchini.

Kachapidwe kake ankakadziwa. Madzi ofunda, osati otentha. Sopo wa ana pang'ono pachikhatho. Kupukusa burashi mozungulira mpaka thovu liyere, kufinya ndi zala ziwiri, kenako kuyala pathaulo ubweya utaloza pansi, kuti madzi asalowe kuchigwiriro n'kusungunula guluu. Akanyowa choncho safuna phuma. Nyengo ya mvula ngati imeneyi amatha kugona ndi kuswera asanaume.

Atatu omalizawo sanali a m'chikwama. Anawapeza kubafa pofunafuna sopo, kuseri kwa mabotolo, atakulungidwa m'sokosi yachimuna.

Yoyamba inatulutsa utoto wonga khungu la lalanje. Mayi anaima, manja ali m'madzi.

Utoto umenewo ankaudziwa bwino. Si wa akwati ayi. Umapakidwa pansi, pamalo pomwe pada ndi chibakera, kenako pamwamba n'kupaka wofanana ndi khungu. Mwana wawoyu kuphoda anaphunzirira pankhope ya mayi ake omwewa, ali kamtsikana, m'mawa uliwonse womwe malemu bambo ake anali atabwera ataledzera dzulo lake. Ankaima pampando kuti afikire diso. Ndiye chifukwa chake mayi anamulera ndi mawu amodzi: mwamuna usamudikire, akangosuntha dzanja iwe yamba ndiwe.

Yachiwiri inatulutsa utoto wakuda bii, wa khofi wopanda mkaka. Mayi anatsonya. Mwana woyera ngati uyu, burashi mpaka kuda chonchi? Ndiye kuti litsiro lake n'la miyezi. Nkhaniyi sinayambe dzulo.

Yachitatu inali ndi titsitsi tatifupi, touma ngati minga, tomwe tinawakanirira m'zala. Anati maburashi otchipa ndi choncho, amathothoka.

Ndiye mkamwini uja! Uja wofatsa ngati nkhosa, wolandira alendo pahotela, wopereka moni manja ali kumbuyo. Uja woti apongozi akalowa amayang'ana pansi, akamayankhula n'kutembenuzira nkhope kumbali. Iwo ankati ndi ulemu. Kani anali manyazi a mfiti.

Anapukuta manja pachitenje n'kuimbira mwana wawo wamkulu, makaniko.

"Siya galimoto za eni akezo. Tenga mng'ono wako mubwere kuno kwa mlongo wanu."

"Kwagwanji, amayi?"

"Mlamu wanu wasandutsa mwana wanga ng'oma."

Makanikoyo anangofunsa: "Tibwere ndi chiyani?"

"Ukundifunsa ine? Pagalaja pako zitsulo zatha? Musaphe. Koma dzanja lomwe amamenyeralo asadzadyerenso."

"Mwaona ndi maso anu?"

"Iwe, ine ndinakubala. Fulumira."

Anadula foni. Mtima unakhala m'malo, monga umakhalira akagula katundu pamtengo womwe afuna. Anatsukuluza maburashi atatuwo mpaka madzi anayera, nawayala pathaulo kumapeto kwa anzawo. Sokosi anaiponya m'bini.

Kunja mvula inakula. Inkamenya malata moti ngakhale munthu atakuwa m'nyumbamo, oyandikana nawo sakanamva. Mayi anaona kuti zimenezo zili bwino. Anakoka mpando n'kukhala moyang'ana chitseko.

Anayamba kufika ndi mkamwini. Analibe ambulera. Jekete ya kuntchito inali itamatirira m'thupi, madzi akuchucha kuchokera m'mutu. Anavula nsapato pakhomo mwakachetechete, ngati munthu woopa kudzutsa galu.

"Mwaswera bwanji, amayi? Sindimadziwa kuti mwabwera."

"Mukanadziwa mukanatani, bambo?"

"Akazi anga ali kuti?"

"Agona. Dzanja likuwawa. Mukulidziwa dzanjalo?"

"Ndikulidziwa, amayi."

Sanakane n'komwe. Mayi anaimirira. Pamsewu panamveka galimoto ya makaniko ikuima, zitseko ziwiri zikumenyetsedwa, chitsulo chikukhula pageti.

Koma mkamwiniyo sanatembenukire kugeti. Maso ake anali pathaulo, pa maburashi atatu akumapeto aja, onyowa. Anayandikira pansi pa getsi, ndipo kwa nthawi yoyamba anaiwala kutembenuzira nkhope kumbali.

"Mwachapa ndi awa omwe, amayi? Nanga mawa ndikalowa bwanji kuntchito?"

Mvula inali itamutsuka. Utoto wa khofi unkatsika m'ndevu zake zazifupi, pansi pake pakuoneka wa lalanje, ndipo pansi pa wa lalanjewo panali diso lotupa ndi chipsera chatsopano cha mphete, mphete yomwe mayi anaiona pachala cha m'bandeji.

Chitseko chapanja chinatseguka ndi phazi la makaniko.