Ndowa ya Nadia Inathera pa Mbuzi

Panali munthu wina pa boma pa Mangochi, dzina lake Che Jaffalie, wojambula mavidiyo a maukwati. Nkhaniyi ndi yoona abale, amene anandiuza anadya nawo mpunga wa ukwati womwewo.

Kompyuta ya Che Jaffalie inali ya mtundu wina. Anzawo ankadina tizithunzi ndi mausi, iwo ayi. Ankatsegula sikirini yakuda bii, n'kumalemba makomandi pa kibodi ngati akuimba ng'oma. Kukopa vidiyo, kakomandi kake. Kufufuta, kakomandi kake. Makasitomala kukamwa yasa!

"Mausi ndi ya ana a sukulu," ankatero akugwedeza mapewa.

Amene anawaphunzitsa zimenezi ndi mlamu wawo Tayamika, mayi woti makompyuta anawapitira kusukulu. Tsiku lina Tayamika anadutsa pa situdiyo, n'kusuzumira pa sikirini, n'kugwira pakamwa.

"Alamu, apudeti iyi yakhala ikukudikirani miyezi seveni?"

"Ikubweretsa chatsopano chanji?"

"Chatsopano palibe. Angokonza tizida timene mumatituma mukamalemba apamu. Kosanja mafayilo kankasokoneza madeti, akakonza. Kofufuzira kankachedwa, akakonza. Koma taonani apa. Kokopera kaja, disiki ikadzaza ntchito ili mkati, kamangodula fayilo n'kukhala chete ngati kamaliza bwinobwino. Akakonza kuti kazikuwa."

"Ndiye bandulo yanga ithere zigamba? Zaka folo sikanandikhumudwitsepo."

"Chifukwa disiki yanu inali isanadzaze."

"Alamu, inu sukulu inakuphunzitsani mantha. Chinthu chikuyenda, chisiyeni chiyende."

Tayamika anangoti, "Chabwino, akatswiri," n'kutuluka.

Ndagi! Ndi wantchito uti amene akakhala chete umati wamaliza, pomwe wagona? Musavutike, mumuona pompano.

Patapita masabata atatu kunali ndowa, ukwati wachisilamu, kwa Mponda. Mkwatibwi anali Nadia, mwana mmodzi yekhayo wamkazi wa Che Sumani. Che Sumaniwo anali ku Joni, mapepala awo anali asanatuluke, akanati abwere sakanabwereranso. Anaimba foni okha.

"Che Jaffalie, maso anga ndi inu. Ndikufuna ndione shehe akufunsa, mkamwini akuvomera, mwana wanga akutuluka. Musaphonye kanthu."

"Inshaallah, Che Sumani, muona ngati munalipo!"

Loweruka anajambuladi. Kuyambira mbuzi ili pachingwe m'mawa mpaka amayi akulira pomutsanzika mwana. Atafika ku situdiyo anabaya memori khadi, n'kulemba kakomandi kokopera. Kanayenda, kanayenda, kenako zii. Osadandaula kanthu.

Tsono chizolowezi chawo chinali ichi: kakangoti zii, iwo pompo kufufuta khadi, poti khadi inali imodzi yomweyo. Anafufuta! Lamulungu anakajambulirapo ubatizo ku Malindi, khadi mpaka kudzaza.

Lachiwiri anatulukira Mayi Abiba, amake Nadia, ndi azakhali awiri, foni ili m'manja, Che Sumani akudikira pa vidiyo kolo.

"Tsegulani, bambo ake aone!"

Che Jaffalie anatsegula monyadira. Panaoneka mbuzi ikudya makoko a chinangwa. Mbuzi inatukula mutu. Inayang'ana kamera. Vidiyo thi!

"Pitirizani," anatero Mayi Abiba.

Anatsegulanso. Mbuzi. Anatsegulanso kachitatu. Mbuzi yomweyo, mphindi zitatu ndendende.

"Che Jaffalie," mawu anachokera mu foni muja, "mbuziyo ndaiona, ndi yonenepa. Mwana wanga ali kuti?"

Anamuitana Tayamika pa kabaza. Tayamika anangolemba timizere tiwiri n'kupukusa mutu.

"Disiki yadzaza mpaka pakhosi. Kanakopa pang'ono n'kudula. Khadi ili kuti?"

"Ndinajambulirapo ubatizo."

"Basi alamu, ukwati uja makanda a ku Malindi anaugonera. Subweranso."

Azakhali aakulu anakhala pansi pasimenti. "Subhanallah! Tsiku lonse kumatiuza kuti mwetulirani, mwetulirani, kumwetulira mphepo?"

Che Jaffalie anagwada. "Amayi, tibwereze. Avalenso, ndijambula bwino kuposa poyamba."

Mayi Abiba anakalipa. "Tibwereze ndi ndani? Mkamwini wakwera basi ya ku Joni dzulo! Kapena muvale ndinu?"

Mpamene Tayamika anati mwina achibale anajambulako pa mafoni. Eee, Che Jaffalie anadzuka ngati alumidwa ndi linthumbu! Anazungulira kwa Mponda konse, khomo ndi khomo, mpaka ku Nkope kumene kunachokera akuchimuna. Anatolera timavidiyo twente-wanu. Anathamangira kwa Mayi Abiba akufuula, "Zapezeka, zapezeka!"

Anaimbiranso ku Joni, anthu anaunjikana, anatsegula kamodzikamodzi. Koyamba, shehe akumveka akufunsa, koma chikuoneka ndi msana wa munthu wa shati yobiriwira. Kachiwiri, msana womwewo. Kachitatu, msanawo ukutembenuka n'kukalipa: "Patukani ndi timafoni tanuto, kamera yeniyeni ili pano!"

Anali Che Jaffalie. Tsiku lonse anaima kutsogolo kwa akwati, kutchinga aliyense. Nadia anangooneka dzanja limodzi lopakidwa utoto wa hina.

Kenako Che Sumani anatsokomola.

"Abiba, tandiuza zoona. Mwana wathu wakwatiwa ndi msana wa Che Jaffalie?"

Phunziro: Kompyuta kapena foni ikakuuzani kuti pali apudeti, musanyoze poti ndi tokonzakonza chabe. Alipo anthu anaona bowo limene inu simunalione, n'kulitseka. Ndipo musafufute chinthu musanatsegule chimene mwakopacho n'kuchiona ndi maso anu mpaka kumapeto. Ponyani nkhaniyi m'magulupu anu onse, makamaka kwa achimwene aja amati amadziwa kale zonse.