Fungo la Guluu

"Mwatola onse, mayi?"

Mayi Telala anapumira m'mwamba. Funso lomweli linali litabwera kale kangapo. Mabatani amene dokotala anamwaza patebulo anali atalowa m'kambale, ofiira ndi oyera omwe. Anatola ndi dzanja lamanja, poti linalo linachita dzanzi tsiku lomwe anagwa. Komabe, munthu amene wasoka madiresi aukwati moyo wake wonse angalephere kutola mabatani?

"Ndatola, adokotala. Kapena mukufuna nditole ndi tebulo lomwe?"

Dokotalayo, mtsikana woonda amene ntchito yake inali kuphunzitsa odwala sitiroko kuvala, kudya ndi kudzisamalira okha, anangomwetulira n'kulemba kenakake. Kumwetulira kumeneko ndiye kunkawapsetsa mtima mayiwo. Chiwagwetsereni sitiroko pa makina osokera, chipatala chonse chinkawatenga ngati khanda. Chakudya chinkabwera cha theka la mbale. M'wodi anawapatsa bedi la pakona, ndipo tsiku lonse ankangoyang'anizana ndi khoma la kumanja kwawo.

Mtsikanayo anatambasula tepi yoyezera nsalu patebulo n'kuwauza kuti agwire pakati. Anagwira osaganiza n'komwe. Pakati pa nsalu ankapadziwa ndi diso kamtsikanaka kasanabadwe. Dokotala analembanso. Kenako anawapatsa pepala kuti ajambule wotchi. Manambala anathinana pang'ono, koma onse anakwana.

Chimene chinkawadya mumtima sichinali mabatani ayi. Anali mwamuna wawo. Bambo uja, wosoka nsapato, wosamva ndiponso wosalankhula chibadwire, amene anakwatiwa naye abale onse akukana. Mayi Telala ndiwo anali pakamwa pake. Kumsika, kubanki, kumaliro, iwo ndiwo ankamasulira manja ake. Ngakhale dzina lawo bamboyo ankalitchula ndi manja: zala ziwiri zokoka ulusi m'mwamba. Lero agwa iwo, bambo osaonetsa ngakhale mphuno. Chikondi cha nkhwangwa, chokoma pokwera basi.

Anamwino ankati bamboyo amabwera tsiku lililonse, koma anamwino amatero kwa aliyense kuti wodwala asalire. Chowawa kwambiri, fungo la guluu womatira nsapato linkawatsata paliponse, m'wodi, m'khonde, ngakhale m'chipinda chino. Mtima ndi chitsiru ndithu. Munthu wakutaya, iwe n'kumamusowa mpaka kumamva fungo lake!

Koma uchitsiru umenewo unali kutha lero. Masana omwewo achimwene awo ankabwera kudzawaona, ndipo mawu anali atakonza kale: akatenge makina ndi masutikesi kunyumba kuja, iwo akatuluka apita kwa achimwenewo, banja lithere pomwepo. Abale akaseka, aseke. Chotsala chinali chakuti dokotalayu avomereze kuti mutu wawo uli bwino.

"Tsopano mupese tsitsi," anatero mtsikanayo, akuwapatsa chipeso.

Anapesa mwaukali, n'kuponya chipeso patebulo.

"Adokotala, zamasanjezi zakwana. Maso anga ndi abwino, mutu ukugwira. Nditulutseni. Ndili ndi banja loti ndikathetse."

Kumwetulira kuja kunazima. Dokotala anaika cholembera pansi, n'kuzungulira kumbuyo kwa njinga yawo ya odwala.

"Maso anu ndi abwinodi, mayi, koma sitiroko yachititsa ubongo wanu kuiwala zonse za mbali ya kumanzere. Ndiloleni ndikutembenuzeni pang'ono. Muzingotsatira chala changachi."

Njinga inayamba kukhotera kumanzere pang'onopang'ono, chala chili patsogolo. Mayi Telala anatsatira monyinyirika, ndipo tebulo linayamba kutalika. Panatulukira mabatani, ambirimbiri, ali mbwee osakhudzidwa n'komwe. Panatulukira tepi, yaitali kuposa imene anaiona, ndipo pakati pake panali kutali ndi pomwe anagwira.

Pampando wa pambali pawo panali bambo uja, ndevu zosameta, maso ali psuu, zikhadabo zakuda ndi guluu. Dzanja limodzi linali litagwira dzanja lawo ladzanzi lija. Linalo linali m'mwamba, zala ziwiri zikukoka ulusi, monga zinkachitira kumbali imeneyo tsiku lililonse chigonekereni mayiwo m'chipatala.