Musi wa Nachanza

Chikhazikitsireni lamulo loti nyimbo zizituluka m'makina a boma okha, Nachanza ankaphunzitsa mwana wake Tiyese kuyimba pamtondo, musi ukubisa mawu.

"Mvetsera kaye, kenako uvomere."

Tsiku lina asilikali atatu anawapezerera, tizipangizo tonunkhiza nyimbo tikulira pazifuwa pawo. Wamkulu wawo analanda musi n'kumuphwanya nawo Nachanza kukamwa. Mano awiri anagwera m'gaga.

"Imbanitu mayi, timve!"

Nachanza analavula magazi n'kuyambitsa nyimbo, akumuyang'ana m'maso. Tiyese anavomera osaphonya.

Mkuluyo anamupondaponda Nachanza mpaka kutopa. Asilikaliwo akutuluka pachipata, Nachanza anamva mkuluyo akung'ung'uza nyimbo ija mosazindikira. Kachipangizo kake kanalira. Anzake aja anatembenuka, zibonga zili m'manja.