Suti Yakuda ya Ahedi

Ahedi anaima pakhomo la Fomu 4 atavala suti yakuda, ija akazi awo anawalumbiritsa kuti isadzakhudzane ndi choko.

M'kalasimo munalibe mphunzitsi. Wamasamu anachoka teremu yatha, ndipo wolowa m'malo mwake ankangobwera m'malonjezo. Mayeso anali atayandikira. Pabolodi mtsikana wina anali atalimbana ndi x mpaka thukuta, yankho osatuluka.

"Ndani wamuwolotsa x ameneyu osasintha sayini?" anakalipa ahedi.

"Bwana, alendo a ku ofesi ya maphunziro afika," anatero achiwiri awo kumbuyo. "Akufuna lipoti la zimbudzi."

"Zimbudzi! Ndaphunzitsa masamu mpaka imvi, ndiye andikweza kuti ndiziwerenga maenje?"

"Udindo wake ndi umenewo, bwana."

Koma dzanja linali litatola kale choko. Dasitala sinaoneke, choncho anafufuta ndi mkono wa jekete monga ankachitira kale. Ana onse anatola zolembera.

Mlendo mmodzi, atatopa kudikira, anasuzumira pakhomo. Anaona bambo woyera mikono ngati wa pachigayo.

"Pepani aphunzitsi, ahedi tiwapeza kuti?"

Achiwiri anati atsegule pakamwa, ahedi anawaponyera diso.

"Iii, amenewo kuwapeza n'kovuta," anatero ahedi. "Ngakhale anawa anawaiwala nkhope. Inu yambani ndi zimbudzizo, zili kuseriku. Simusochera, mphuno ikutsogolerani."

Kenako anatembenukira kubolodi, suti itayera mpaka m'chigongono.

"Tsono iwe, x akawoloka amatani?"