Dalaivala Yemwe Anagula Masheya M'dzina la Mlamu Wake

Panali bambo wina yemwe anali dalaivala wa bwana wamkulu pakampani ina yaikulu yopikula mankhwala kumafakitale n'kumawagulitsa kuzipatala ndi m'mafamase. Anzake ankamutcha Giyafaifi chifukwa ankayenda mothamanga ngakhale ali wapansi. Anagwira ntchitoyo zaka khumi ndi zinayi osakandako galimoto.

Chaka chilichonse loya wa kampani ankasonkhanitsa antchito onse m'chipinda chodyera n'kuwauza kuti, "Mukamva chinsinsi cha kampani chomwe anthu akunja sanachimve, musathamangire kukagula masheya, ndipo musatsine khutu munthu aliyense. Umenewo ndi mlandu." Giyafaifi ankasaina pepala, kumwa tiyi wa ulele, n'kumapita. Ankaona ngati nkhaniyo ndi ya anthu a mataye okhaokha.

Tsiku lina m'mawa, akuchokera kubwalo la ndege, bwana anayankha foni ali kumpando wakumbuyo.

"Asaina dzulo," anatero bwanayo. "Zipatala zawo zonse zizigula mankhwala kwa ife kwa zaka zisanu. Tilengeza Lachisanu la sabata yamawa. Muona mmene mtengo wa masheya athu udumphire."

Giyafaifi anangoyang'ana kutsogolo ngati sakumva, koma mtima unali ukuvina. Atafika kunyumba anapeza mkazi wake akusita yunifomu za ana, ndipo anamufotokozera zonse.

"Bambo a ana," anatero mkaziyo, "za kuntchito zisiyeni kuntchito komweko. Si zimene amakaniza a loya zija?"

"Kodi ndaba? Ndikanatseka makutu ndi chiyani, manja onse ali pachiwongolero?"

"Kumva mwamva. Ine ndikukana zogulazo."

Giyafaifi anangoseka. Mawa lake anatenga ndalama zomwe ankasungira malata a nyumba yawo n'kupita nazo kwa mlamu wake, mchimwene wa mkazi wakeyo, kuti akagule masheyawo m'dzina lake.

"Koma alamu, pakamwa potseka," anatero Giyafaifi.

"Ine? Ine ndi loko wotayika kiyi, alamu," anayankha mlamuyo akudziguguda pamtima.

Masana a tsiku lomwelo mlamu uja anapita kukameta tsitsi. Makina asanafike kukhutu lachiwiri, wometa anali atadziwa zonse. Wometayo anauza mkazi wake, mkaziyo anauza amayi a kwaya, amayi a kwaya anauza amuna awo. Pomatha masiku atatu, anthu makumi atatu omwe sanagulepo sheya chibadwire anali atadutsa pa ofesi ya ogulitsa masheya, onse akufuna a kampani imodzi.

Kalaliki wa pa ofesipo anadabwa, ndiye anafunsa mayi wina wachikulire kuti, "Amayi, mwasankhiranji kampani imeneyi?"

"Aa, mwanawe, sunamve?" anatero mayiyo mokoma mtima. "Dalaivala wa bwana wawo wanena kuti Lachisanu zikwera. Nawenso gula, usatsalire."

Kalalikiyo anathokoza, n'kulemba mawuwo mmene anawamvera kuti akawapereke kubungwe loyang'anira msika wa masheya.

Lachisanu kampani inalengezadi, ndipo mtengo unakwera. Giyafaifi anagula nsapato zosongoka, anayamba kuimba m'bafa, anafika pofunsa mitengo ya matailosi. Mkazi wake ankangomuyang'ana.

Patatha masiku asanu ndi anayi, Giyafaifi akupukuta galimoto, anaitanidwa kuchipinda cha misonkhano cha pamwamba, chomwe ankangochionera pakhomo. Anapezamo loya uja, bwana wake, ndi anthu awiri ochokera kubungwe loyang'anira msika wa masheya. Mmodzi wa iwo, mayi wa magalasi, anamukankhira pepala la mayina.

"Bambo, anthu awa mukuwadziwa?"

Giyafaifi anatsetsereka ndi chala mpaka pansi. "Uyu yekha ndi mlamu wanga. Enawa sindikuwadziwa."

"Iwo akukudziwani bwino," anatero mayiyo. "Tawafunsa mmodzimmodzi, ndipo onse akukuyamikirani kwambiri. Wina wati tikupatseni moni."

Giyafaifi anapempha madzi akumwa. Atamwa, anaulula zonse kuyambira pa foni ija. Bwana anagwira mutu, chifukwa naye anadziwa kuti akayankha mafunso pa zolankhula zinsinsi mosasamala.

Phindu lonse linalandidwa. Khoti linalipiritsa Giyafaifi chindapusa chomwe chinameza ndalama za malata zija, ndipo ntchito inathera pomwepo. Ndende anaipulumuka chifukwa sanavutitse ofufuza. Amayi a kwaya nawo anabweza phindu lawo, ndipo kwa miyezi iwiri Giyafaifi ankazungulira njira yaitali pothawa kudutsa patchalitchi.

Mkazi wake sanamunyoze. Anangomusitira malaya n'kumuperekeza kusukulu ina yophunzitsa kuyendetsa galimoto, komwe analembedwa ntchito ya uphunzitsi. Ophunzira amamukonda chifukwa sakalipa, ngakhale munthu azimitse galimoto kasanu pamphambano. Malata anadzagula patatha zaka ziwiri, pang'onopang'ono, ndi malipiro ake.

Mlamu uja mpaka lero sachita manyazi. Pakakhala mwambo wa pabanja amamugwira paphewa n'kumauza anthu kuti, "Ine ndi alamu angawa tinalemerapo masiku asanu ndi anayi athunthu." Anthu amaseka, Giyafaifi nayenso amaseka, koma mpando amasuntha.

Phunziro: Chinsinsi chomwe mwachimva chifukwa cha ntchito yanu si chanu choti mupangire ndalama, ngakhale mutagwiritsa dzina la m'bale. Ogula masheya onse amayenera kumva nkhani tsiku limodzi, ndipo wodumpha mzere amagwidwa. Mverani okuchenjezani kuntchito ndi kunyumba komwe. Tumizani nkhaniyi kwa anzanu apantchito, osaiwala alamu anu.